Oyilo wa pikapu: pa makilomita 5,000 kapena 10,000?

Pikapu ikatuluka ku sevisi, makaniko amamata kapepala pakona ya galasi lakutsogolo kapena pachitseko cha dalaivala, atalembapo mileji imene galimotoyo idzabwererenso. Nambalayo savutika nayo: amayang'ana mileji ya tsikulo n'kuwonjezerapo 5,000. Koma mwini galimoto akatsegula buku limene linabwera ndi pikapu yake, ngati bukulo lilipo n'komwe, amapezamo zina. Buku la Toyota Hilux yopangidwa ku Durban limanena makilomita 10,000 kapena chaka chimodzi. La Isuzu D-Max limanena 15,000. Apa mpamene munthu amayamba kukayika, kuti kodi makanikoyu akungofuna kumamuwona pafupipafupi, kapena opanga galimotowo sadziwa misewu yathu.

Funsoli ndi la ndalama zenizeni. Injini ya dizilo ya pikapu imalowa malita 7 mpaka 10 a oyilo pa sevisi imodzi, kuwonjezera apo pali fyuluta ndi ndalama ya makaniko. Galimoto yoyenda makilomita 30,000 pachaka idzasintha kasanu ndi kamodzi ikatsata kapepala, katatu ikatsata buku la Hilux, kawiri ikatsata la D-Max. Oyilo yense amachokera kunja ndipo mtengo wake umakwera nthawi iliyonse kwacha ikagwa. Koma mbali inayo kuli injini yonoka, imene mtengo woikonzera ukhoza kugula oyilo wa zaka zambiri.

Nambala ya 5,000 ili ndi kwawo. Ku America, kwa zaka zambiri oyendetsa galimoto ankauzidwa kuti oyilo amasinthidwa pa mamailosi 3,000, amene ndi makilomita pafupifupi 4,800. Langizolo linali loona pa nthawi ya injini za kabuleta ndi oyilo wakale amene sankachedwa kutha mphamvu. Injini ndi oyilo zitasintha, langizo linatsala m'mitu ya anthu, mpaka boma la California linachita kampeni youza anthu kuti asiye kutaya oyilo wabwino ndipo aziyang'ana zimene buku la galimoto yawo likunena. Kuno kwathu nambalayo inakhazikika pa chifukwa chinanso, chomveka kwambiri. Mapikapu amene analera amakaniko athu ambiri ndi a dizilo akale: Hilux ya injini ya 3L kapena 5L, Nissan Hardbody ya TD27, Isuzu KB ya 4JA1, ndi Land Cruiser ya 1HZ. Injini zimenezi zimatulutsa mwaye wambiri, ndipo mabuku a zambiri mwa izo ankanenadi makilomita 5,000 mpaka 7,500. Dizilo wa nthawi imeneyo analinso ndi sulufule wochuluka. Ku South Africa, chaka cha 2006 chisanafike, dizilo wamba ankaloledwa kukhala ndi magawo 3,000 a sulufule pa miliyoni. M'chaka chimenecho anatsitsa kufika pa 500, ndipo lero maiko ambiri a chigawo chino akugwiritsa ntchito wa magawo 50. Ku Ulaya anafika pa 10 kuyambira 2009. Sulufule akapsa n'kukumana ndi nthunzi ya madzi amasanduka asidi, ndipo asidiyo amatsikira mu oyilo. Makaniko wachikulire amene amaumirira pa 5,000 anaphunzira ntchito pa nthawi imene kupyola pamenepo kunkaphadi injini.

Chofunika kuchimvetsa n'chakuti makilomita pawokha sawononga oyilo. Timawawerenga chifukwa ndiwo osavuta kuwerenga. Chimene chimamaliza oyilo ndi zimene zimagweramo ndiponso kutentha kumene wadutsamo.

Mu botolo la oyilo, gawo lalikulu ndi mafuta enieniwo, koma mulinso mankhwala amene opanga amathiramo, ndipo awa ndiwo amayamba kutha. Ena amatsuka mkati mwa injini n'kufafaniza asidi. Ena amagwira timibulu ta mwaye kuti tizingoyandama tisaundane. Ena amapanga kachikopa kopyapyala pa zitsulo zokhudzana mwamphamvu, monga pa kamushafuti. Ena amathandiza kuti oyilo asapepuke kwambiri akatentha. Mankhwala onsewa amadyeka pamene akugwira ntchito. Oletsa asidi akatha, asidi amayamba kudya mabeyaringi. Ogwira mwaye akadzaza, mwaye umaundana, oyilo amalemera, ndipo mu sampu ndi pansi pa chivundikiro cha mavalavu mumayamba kupangika phala lakuda limene limatseka tinjira ta oyilo. Turbo ndi imene imayamba kuvutika, chifukwa imazungulira maulendo oposa 100,000 pa mphindi imodzi itayandama pa kaoyilo kochepa kwambiri kobwera ndi kapaipi kakang'ono.

Kutentha nako kuli ndi lamulo lake. Oyilo akakumana ndi mpweya pa moto amapsa pang'onopang'ono, monga amachitira mafuta a pachiwaya amene akazinga tchipisi masiku angapo: amada, amalemera, amayamba kumata. Akatswiri a mafuta amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, liwiro la kupsako limawirikiza kawiri. Choncho pikapu imene yasenza matumba a chimanga ikukwera phiri la Chikwawa mu giya yachiwiri mwezi wa Okutobala, kunja kukutentha kufika madigiri 40, imakalambitsa oyilo wake mofulumira kuposa pikapu yopanda katundu imene ikuyenda pa M1 m'mawa wa mu Juni, ngakhale mileji itawerenga chimodzimodzi.

Chodabwitsa anthu ambiri n'chakuti kuzizira kumawononganso. Injini ikangolizidwa, mafuta sapsa bwino, ndipo ena amatsetsereka m'mbali mwa mapistoni kukagwera mu sampu pamodzi ndi nthunzi. Oyilo akatentha mokwanira, kufika cha m'ma digiri 90 mpaka 100, n'kukhala choncho kwa kanthawi, madziwo amauluka. Koma pikapu imene ntchito yake ndi kuchoka ku Area 47 kukasiya ana kusukulu, kupita ku ofesi ku City Centre, n'kubwerera madzulo, oyilo wake safika potentha. Madzi ndi mafuta zimangowunjikana. Galimoto yotere mwini wake amaiona ngati yopumula, pomwe oyilo wake ndiye ali pamavuto kuposa wa galimoto yoyenda Lilongwe ndi Blantyre kawiri pa sabata, makilomita oposa 300 injini ili pa liwiro limodzi.

Ndiye pali fumbi, limene kwa ine ndilo nkhani yaikulu kuposa zonse pa pikapu ya kuno. Fumbi ndi mchenga wosalala, ndipo mchenga ndi wolimba moti umakanda chitsulo. Likadutsa fyuluta ya mpweya limakakhala pakati pa maringi ndi khoma la silinda n'kumapala, kenako limatsikira mu oyilo n'kuzungulira injini yonse. Pikapu yogula fodya kapena soya m'midzi ya ku Kasungu, Mchinji kapena Dowa m'chilimwe imatha tsiku lonse ili m'mtambo wa fumbi la galimoto ya patsogolo. Ngati fyuluta ya mpweya yang'ambika, kapena sinakhale bwino m'nyumba yake, kapena paipi yochokera pa fyuluta ili ndi mng'alu, mukhoza kusintha oyilo pa 3,000 koma injini idzathabe. Chizolowezi chotulutsa fyuluta n'kuimenyetsa patayala, kapena kuipopa ndi mpweya wamphamvu, chimatha kuboola pepala lake mabowo osaoneka ndi maso. Munthu amene amakangana za makilomita a oyilo koma sanayang'anepo mkati mwa paipi ya mpweya ngati muli fumbi, akulondera khomo lolakwika.

Opanga galimoto zonsezi amazidziwa, n'chifukwa chake m'buku mumakhala ndondomeko ziwiri. Yoyamba, imene ogulitsa amakonda kutchula, ndi ya galimoto yoyenda mwa masiku onse. Yachiwiri, imene imabisala masamba angapo kutsogolo, ndi ya galimoto yogwira ntchito yolemetsa, ndipo kawirikawiri imadula nambala yoyamba pakati. Mukawerenga zimene amazitcha ntchito yolemetsa mupeza misewu ya fumbi, yamatope kapena yokumbika, kukoka ngolo kapena kusenza katundu wolemera, maulendo afupiafupi obwerezabwereza, ndi kuliza injini nthawi yaitali galimoto itaima kapena ikuyenda pang'onopang'ono. Ameneyu ndiye moyo wa tsiku ndi tsiku wa pikapu zambiri za ku Malawi, ku Chipata kapena ku Tete. Choncho buku ndi makaniko sakutsutsana kwenikweni. Theka la 10,000 ndi 5,000 yomwe ija ya pakapepala. Cholakwika n'kuipereka nambalayo kwa aliyense osafunsa kumene galimoto imayenda.

Njira ina yoganizira nkhaniyi ndi ya maola, mmene amachitira a mathirakitala ndi majenereta, amene ambiri amasintha oyilo pa maola 250. Pikapu yoyenda maulendo aatali, imene liwiro lake mukaphatikiza zonse limakwana makilomita 40 pa ola, maola 250 amaifikitsa pa makilomita 10,000. Ya m'tauni kapena ya m'misewu ya kumudzi, yokwana makilomita 20 pa ola, maola omwewo amaifikitsa pa 5,000 pokha. Ndipo pali maola amene mileji siwerenga n'komwe: galimoto ya matola imene ikulira pasiteji kudikira kuti idzaze, ya bungwe imene dalaivala wayatsa chozizilitsa akudikira abwana atuluke mu msonkhano, kapena imene ikusendera pang'onopang'ono pamzere wa mafuta. Kampani ya Ford, polangiza eni mapikapu ake akuluakulu a dizilo, imawerengera ola limodzi lolira galimoto itaima ngati makilomita pafupifupi 40.

Injini zatsopano zili ndi nkhani yakeyake. Kuyambira pa D-4D ya 2KD ndi 1KD, kufika pa 2GD ndi 1GD zimene zinabwera ndi Hilux ya 2015, mafuta amapopedwa mwamphamvu kwambiri ndipo kompyuta ndiyo imayeza, motero amapsa bwino ndipo mwaye umachepa. Ichi ndicho chinatalikitsa nthawi ya sevisi. Koma injini zomwezi zili ndi EGR, imene imabweza utsi wina mu injini, ndipo zimadalira mainjekita osafuna dizilo wakuda. Dizilo wa m'zigubu, amene nthawi ya kusowa kwa mafuta ena amamusakaniza ndi parafini kapena amakhala ndi madzi, amawononga mainjekita, ndipo injekita yodontha imatsukira dizilo mu sampu. Pa 1KD amakaniko amadziwanso vuto la mawashala a pansi pa mainjekita: akayamba kutulutsa mpweya wamoto, oyilo wozungulira pamenepo amapsa n'kusanduka makala, amene amakatseka kasefa kokokera oyilo mu sampu. Zikatero injini imafa ndi ludzu sampu ili yodzaza, ndipo kusintha oyilo pafupipafupi sikuchiza. Ofunika kusintha ndi mawashalawo.

Mapikapu obwera ogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Britain kapena ku Japan amafuna maso awiri. Ambiri a zaka zaposachedwa ali ndi DPF, sefa ya mu ekisozi yogwira mwaye. Kuti sefayo idziyeretse, kompyuta imathira dizilo wowonjezera kuti ekisozi itenthe, ndipo wina mwa diziloyo amatsikira mu oyilo. Galimoto ikamayenda maulendo afupiafupi, kuyeretsako kumadukizadukiza n'kumayambiranso, ndipo oyilo pa dipisitiki amayamba kukwera m'malo motsika. Ena amasangalala poganiza kuti injini yawo sidya oyilo, chonsecho oyiloyo akusungunuka ndi dizilo. Mukaona mulingo ukukwera kapena oyilo akununkha dizilo, sinthani osadikira kapepala. Injini zotere zimafunanso oyilo wosiya phulusa lochepa, wolembedwa ACEA C2 kapena C3, kapena JASO DL-1 pa za ku Japan. 15W-40 wamba wa malole amatseka DPF pang'onopang'ono. Chinanso chosavuta kuiwala: galimoto ya ku Britain imawerenga mamailosi. Makaniko akawonjezera 5,000 pa nambala ya pa dashibodi, wakutumizani makilomita 8,000, ndipo akawonjezera 10,000 wakutumizani 16,000.

Pali zikhulupiriro zingapo zimene zimasokoneza nkhaniyi. Choyamba ndi mtundu. Anthu amasolola dipisitiki, n'kuona oyilo wakuda bii, n'kunena kuti watha. Mu injini ya dizilo oyilo amada patangopita makilomita ochepa, nthawi zina tsiku lomwelo, chifukwa akugwira mwaye monga anapangidwira. Kuda sikunena kanthu. Mtundu woopsa ndi wotuwa ngati tiyi wamkaka, umene umasonyeza kuti madzi alowa, kaya gasiketi yapsa kaya galimoto inawoloka mtsinje wodzaza m'dzinja. Woopsanso ndi oyilo wonyezimira tizitsulo, kapena womveka mchenga mukamutikita pakati pa zala.

Chachiwiri ndi cha eni injini zodya oyilo, amene amati poti amathirira lita imodzi sabata iliyonse ndiye kuti oyilo amadzisintha yekha. Kuthirira kumabwezeretsako mankhwala pang'ono, zoona, koma mwaye, asidi ndi tizitsulo sizituluka ndi utsi. Zimatsalira mu sampu n'kumachulukirachulukira, ndipo injini yotha maringi ndiyo imadetsa oyilo msanga kuposa yabwino. Kuthira 20W-50 kuti utsi uchepe kukhoza kugula miyezi ingapo pa injini yakale, koma mu injini yatsopano yopangidwira 5W-30 oyilo wolemera chotero amachedwa kufika ku turbo m'mawa, nthawi imene zitsulo zimadyeka kwambiri.

Chachitatu ndi cha oyilo wa synthetic. Ndi wabwinodi: amapirira kutentha, amayenda msanga injini ikazizira, ndipo sachedwa kufika kumene akufunika. Koma fumbi, dizilo ndi madzi zikagweramo zimakhalamo chimodzimodzi. Nambala zikuluzikulu zimene zimalembedwa pa mabotolo ena zinayesedwa pa misewu ya tala ndi dizilo wa sulufule wochepa. Kwa pikapu ya m'fumbi, oyilo wamba wa giredi yoyenera wosinthidwa pa nthawi yake ndi wotetezeka kuposa synthetic wodula amene mwini wake akumuumirira kuti abweze ndalama zake.

Ndikaika pa sikelo, mtundu wa oyilo ndi fyuluta zimalemera kuposa mkangano wa makilomita. Kumbuyo kwa botolo kumalembedwa zilembo za API. Za dizilo zimayamba ndi C: CH-4 ya 1998, CI-4 ya 2002 imene inapangidwira injini za EGR, CJ-4 ya 2006 ndi CK-4 ya 2016. Za petulo zimayamba ndi S, monga SN ndi SP. Oyilo wopimidwa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu alibe chilembo chilichonse, ndipo palibe angakuuzeni ngati ndi watsopano kapena ndi wakale wongosefedwa. Mabotolo a mayina odziwika nawo amakoperedwa, choncho kugula pa filing'i siteshoni kapena kwa wogulitsa wovomerezeka, chidindo cha pachivundikiro chili chosadula, n'kofunika ndalama yowonjezerayo. Fyuluta isinthidwe nthawi iliyonse oyilo akusinthidwa. Yakale imasunga oyilo wakuda, ndipo ikadzaza kavalavu ka mkati mwake kamatseguka n'kumadutsitsa oyilo wosasefa. Fyuluta yachinyengo imaoneka bwino kunja, koma pepala la mkati limakhala lochepa, mwinanso kavalavu koletsa oyilo kubwerera mu sampu usiku kamakhala kosagwira ntchito. Eni Ford Ranger ndi Mazda BT-50 za injini ya 2.2 ndi 3.2 adziwenso ichi: pampu ya oyilo ya injini zimenezi ikakhala yopanda oyilo kupitirira mphindi khumi imatha kulephera kukokanso, choncho chizolowezi chosiya sampu ikudontha makaniko atapita kukadya nsima chikhoza kupha injini yabwinobwino.

Nanga galimoto yosayenda kwambiri? Kalendala imagwira ntchito pamenepo. Buku likati makilomita akuti kapena miyezi yakuti, limatanthauza chimene chayamba kukwana. Pikapu ya pafamu imene imadzuka nthawi yokolola yokha, kapena ya munthu amene ali ku Johannesburg ndipo abale amangoiliza Lamlungu kuti batire isafe, isapyole chaka ndi oyilo mmodzi ngakhale itayenda makilomita 2,000 okha. Kuiliza mphindi zisanu itaima kumangowonjezera madzi mu sampu. Kuli bwino kuiyendetsa theka la ola kuti itenthe. Ku Australia, kumene kuli fumbi ndi kutentha ngati kwathu, Toyota yakhala ikuitanitsa Hilux ku sevisi pa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kapena makilomita 10,000.

Ine ndiima apa. Pikapu ya dizilo yakale, ya m'badwo wa 5L, TD27 kapena 1HZ, isinthe pa 5,000, ndipo pamenepo makaniko asatsutsidwe. Yatsopano imene moyo wake uli pa tala ndi maulendo aatali, ikumwa dizilo wa pa pampu ndi oyilo wa giredi ya m'buku, ikhoza kufika pa 10,000 popanda mantha, ndipo kuisintha pa 5,000 n'kutaya oyilo amene akadali ndi ntchito. Yatsopano yomweyo ikakhala ya m'fumbi, ya katundu, ya matola kapena ya m'tauni mokhamokha, ibwerere pa theka la nambala ya m'buku, kutanthauza 5,000 mpaka 7,500, kapena miyezi isanu ndi umodzi. Nambala ya 15,000 ndingaikhulupirire pa galimoto yochepa kwambiri ya kuno, imene fumbi imaliona mwa apo ndi apo. Ya petulo sidetsa oyilo kwambiri ngati ya dizilo, koma fumbi ndi maulendo afupi zimaigwira mofanana. Galimoto imene ikadali pa waranti itsate buku ndi malo ovomerezeka, chifukwa kupyola kamodzi kokha kukhoza kuthetsa pangano.

Amene ali ndi magalimoto ambiri sayenera kulota. Makampani a migodi ndi a malole amatumiza kabotolo ka oyilo wogwiritsidwa ntchito ku labotale, monga za WearCheck zimene zili ku South Africa, Zambia ndi maiko ena a chigawo chino, ndipo zotsatira zimanena kuchuluka kwa chitsulo, mchenga, dizilo, madzi ndi mankhwala otsala. Kuyeza kawiri kapena katatu kumasonyeza nambala yoyenera magalimoto a ntchito imeneyo, ndipo mchenga ukapezeka wochuluka amadziwa kuti fyuluta ya mpweya ikudontha injini isanawonongeke. Kwa mwini pikapu imodzi, labotale yake ndi dipisitiki: kamodzi pa sabata, galimoto itaima pamalo athyathyathya, injini itazima kwa mphindi zingapo. Injini zambiri zimene zimanoka zimakhala kuti oyilo anachepa popanda woona.

Oyilo wakuda wotuluka mu sampu asatayidwe m'ngalande kapena pafupi ndi chitsime, chifukwa wochepa chabe amaipitsa madzi ambiri. Ambiri amamupaka pa mitengo ya denga ndi ya khola poletsa chiswe. Ochita zimenezi avale magolovesi ndipo asambe ndi sopo, pakuti mabuku a galimoto amachenjeza kuti oyilo wogwiritsidwa ntchito akamakhalitsa pakhungu kawirikawiri akhoza kuyambitsa khansa. Ndipo mukagula pikapu kwa munthu wina, kaya yangotsika kumene kuchokera ku Durban kapena ku Dar es Salaam, musakhulupirire kapepala kamene mwakapeza pagalasi ngakhalenso mileji, poti ena amaibweza m'mbuyo. Sinthani oyilo ndi mafyuluta onse sabata yoyamba, mulembe tsiku, mileji ndi dzina la oyilo m'kabuku kosungidwa m'galimoto momwemo, ndipo kuwerenga kwanu kuyambire pamenepo.